A Ratan Tata, mdindo wa chuma chimene sichinali chawo

Usiku wa pa 9 Okutobala 2024 a Ratan Tata anamwalira m'chipatala cha Breach Candy mumzinda wa Mumbai ali ndi zaka 86, ndipo dziko la India linawalira m'njira imene anthu salirira kawirikawiri munthu wamalonda. Kutacha, bokosi lawo linakutidwa ndi mbendera ya dziko, boma la chigawo cha Maharashtra linalengeza tsiku lokhuza maliro, ndipo anthu wamba zikwizikwi anandanda pamzere kuti akaone nkhope. Ife kuno dzina la Tata timalidziwira pamphumi pa mabasi ndi malole amene amayenda m'misewu yathu, ndipo anzathu a ku Zambia analizolowera kalekale popeza kampani ya Tata Zambia inakhazikitsidwa mu 1977. Koma za munthu amene anasenza dzinali kwa zaka 21, ambirife timangodziwa mawu anzeru amene amazungulira pa Facebook ndi pa WhatsApp atamatidwa pachithunzi chawo, ndipo ena mwa mawuwo eniakewo anawakana akadali moyo kuti sanawanenepo.

Ine a Tata ndimawalemekeza kwambiri, n'chifukwa chake sindikondwa ndikaona anthu akuwasandutsa mngelo wa pazithunzi. Anali munthu wofatsa polankhula koma wosabwerera m'mbuyo akatsimikiza chinthu, anapambana kwakukulu, analepheranso kwakukulu, ndipo pali anthu amene analira chifukwa cha zimene makampani awo anachita. Chimene chimandichititsa kuti ndiwaikebe pamwamba n'chakuti chuma chonsecho anachiyendetsa ngati mdindo amene wangosungitsidwa katundu, ndipo ankadziwa kuti tsiku lina adzayenera kuchipereka kwa ena chili bwino kuposa mmene anachipezera.

Anabadwa pa 28 Disembala 1937 mumzinda umene nthawiyo unkatchedwa Bombay, m'banja la Aparsi, mtundu wochepa wa anthu a chipembedzo cha Zoroaster amene makolo awo anachokera ku Persia zaka mazana ambiri zapitazo. Banja la Tata linali litatchuka kale. A Jamsetji Tata anayamba kampani yamalonda mu 1868, anatsegula fakitale ya nsalu ya Empress Mills ku Nagpur mu 1877, anamanga hotela ya Taj Mahal Palace imene inatsegulidwa mu 1903, ndipo atamwalira mu 1904 ana awo anakwaniritsa loto lawo la fakitale yachitsulo, imene inakhazikitsidwa mu 1907 pamalo amene lero ndi mzinda wa Jamshedpur. Komabe a Ratan sanali mdzukulu wamagazi wa a Jamsetji. Bambo awo, a Naval Tata, anali wachibale chakutali amene anakulira m'nyumba yosungira ana amasiye, mpaka pamene mayi Navajbai Tata, mkazi wamasiye wa mwana wamng'ono wa a Jamsetji, anawatenga kukhala mwana wawo. Ukwati wa makolo a Ratan unatha iwo ali ndi zaka 10, ndipo amene anawalera ndi agogo awo a Navajbai omwewo. Atakalamba ankakumbukira mmene anzawo kusukulu ankawanyozera chifukwa cha kutha kwa banjalo, ndiponso mmene agogowo ankawalimbikitsira kusunga ulemu wawo zivute zitani.

Anakaphunzira ku yunivesite ya Cornell ku America, kumene anasiya zauinjiniya zimene bambo awo ankafuna n'kutenga maphunziro a kamangidwe ka nyumba, ndipo anamaliza mu 1962. Anagwirako ntchito pang'ono ku Los Angeles, kumene anapezanso mkazi amene anafuna kumanga naye banja, koma agogo awo atadwala anabwerera kwawo, ndipo nkhondo ya pakati pa India ndi China ya chaka chomwecho inachititsa makolo a mkaziyo kumuletsa kuwatsatira. Sanakwatire mpaka imfa yawo. Atalowa m'makampani a Tata anawatumiza ku Jamshedpur, kumene anayambira pansi penipeni, kugwira fosholo n'kumatapa miyala ya laimu pafupi ndi ng'anjo zosungunulira chitsulo. Zaka zotsatira sizinawapatse mbiri yoti n'kunyadira. Mu 1971 anapatsidwa kampani ya Nelco yopanga mawailesi, imene anaidzutsa pang'ono isanagwenso chifukwa cha mavuto azachuma ndi mikangano ya ogwira ntchito, kenako anapatsidwa Empress Mills, fakitale yakale ya a Jamsetji ija, imene inatsekedwa mu 1986 akuluakulu atakana kuikamo ndalama zina. Motero pamene a J.R.D. Tata, amene anatsogolera makampaniwa kuyambira 1938, anawasankha kuti alowe m'malo mwawo mu Marichi 1991, ambiri ananong'onezana kuti mpandowo waperekedwa chifukwa cha dzina basi.

Chaka chimenecho chinali chovuta ku India konse. Ndalama zakunja zinatsala zongokwanira masabata ochepa, moti boma linachita kunyamula golide wake pandege kukapinyolitsa kunja, ndipo nduna yaikulu P.V. Narasimha Rao pamodzi ndi nduna yazachuma Manmohan Singh anayamba kuchotsa malamulo amene ankafuna kuti munthu apemphe chilolezo cha boma pofuna kutsegula fakitale ngakhalenso pofuna kuwonjezera katundu amene akupanga. Makampani amene anazolowera kutetezedwa ndi malamulowo anadzidzimuka akupikisana ndi akunja. A Ratan anapezanso vuto lina m'nyumba momwemo. A J.R.D. ankakhulupirira kupatsa anthu aluso ufulu wonse, ndipo m'kupita kwa zaka akuluakulu ena anasanduka mafumu m'makampani amene ankayang'anira: a Russi Mody ku kampani yachitsulo, a Darbari Seth ku Tata Chemicals, ndi a Ajit Kerkar ku mahotela a Taj. Anthu amenewa sanali mbuli, anali akadaulo amene anakulitsa makampaniwo ndi manja awo, ndipo wapampando watsopanoyu ankamuona ngati mwana. Choopsa kwambiri chinali chakuti kampani yaikulu ya Tata Sons inali ndi masheya ochepa zedi m'makampani ambiri otchedwa ndi dzina lake, moti chimene chinkawagwirizanitsa chinali ulemu umene onse ankapatsa a J.R.D., amene anamwalira mu 1993.

Apa m'pamene ndimaona kuti panagona ntchito yaikulu ya moyo wawo, ngakhale kuti si nkhani imene anthu amakonda kufotokoza. Anakhazikitsa lamulo la zaka zopumira pantchito, lakuti oyendetsa makampani tsiku ndi tsiku azipuma akafika zaka 65 ndipo apampando azipuma pa zaka 75, ndipo lamuloli linakhala chida chochotsera mafumu aja mmodzimmodzi. A Mody anaonetsedwa msana wa njira mu 1993 patachitika mkangano umene unadzaza manyuzipepala, a Seth anapuma, ndipo a Kerkar anachoka mu 1997. Kenako Tata Sons inayamba kugula masheya owonjezera m'makampani ake, inalamula kuti kampani iliyonse yofuna kugwiritsa ntchito dzina la Tata izilipira komanso isaine malamulo a khalidwe loyenera pamalonda, ndipo inagulitsa mabizinesi ena monga a sopo ndi simenti amene inaona kuti sangapikisane. Anthu amene anachotsedwawo anachoka ndi mtima wowawa, ndipo sindikukayika kuti ena mwa iwo anayenera kutsanzikidwa mwaulemu woposa pamenepo. Koma zikanapanda kutero, gulu la makampaniwa likanamwazika a J.R.D. atangoikidwa m'manda.

Atakhazikika pampando anayang'ana kunja. Mu 2000 kampani ya Tata Tea inagula Tetley ya ku Britain pamtengo wa mapaundi 271 miliyoni, ngakhale kuti Tetley inali yaikulu kuposa woigulayo, ndipo kwa Amwenye chinali chinthu chokhudza mtima kuona kampani ya dziko limene linalimitsidwa tiyi ndi atsamunda ikugula dzina la tiyi wa atsamundawo. Mu 2004 anagula gawo lopanga malole la Daewoo ku South Korea, ndipo chaka chomwecho kampani ya zamakompyuta ya Tata Consultancy Services inalowa pamsika wa masheya n'kukhala gwero lalikulu la phindu la gulu lonse. Nkhani ya Jaguar ndi Land Rover ndiyo imakambidwa kwambiri. Galimoto ya Indica, imene inatuluka mu 1998, itayamba mopunduka pamsika, a Tata anapita ku Detroit mu 1999 kukakambirana zogulitsa gawo la magalimoto ang'onoang'ono kwa Ford, ndipo mmodzi mwa amene anapita nawo anadzafotokoza pambuyo pake kuti anawalankhula monyoza, moti anabwerako osagulitsa. Mu 2008 Ford yomweyo, itagwira njakata, inagulitsa Jaguar ndi Land Rover kwa Tata Motors pamtengo wa madola 2.3 biliyoni. Chaka choyamba chinali chowawa chifukwa cha kugwa kwa chuma padziko lonse, koma patapita nthawi magalimoto awiriwa ndiwo anayamba kunyamula Tata Motors.

Anthu okonda nkhani imeneyi satchula inzake. Mu 2007 Tata Steel inapikisana ndi kampani ya CSN ya ku Brazil mpaka inagula Corus, kampani yachitsulo ya ku Britain ndi Netherlands, pamtengo wa madola pafupifupi 12 biliyoni, zambiri mwa ndalamazo zangongole, msika wachitsulo uli pachimake. Chaka chotsatira mitengo inagwa, kenako chitsulo chotchipa cha ku China chinasefukira, ndipo mafakitale a ku Britain anakhala chilonda chosapola. Mu 2016 fakitale ya ku Scunthorpe inagulitsidwa paundi imodzi yokha, ndipo ng'anjo yomaliza ya ku Port Talbot ku Wales inazimitsidwa kumapeto kwa Seputembala 2024, patatsala masiku ochepa kuti a Tata amwalire, anthu pafupifupi 2,800 akuyembekezera kutaya ntchito. Ngakhale zinali choncho, ndalama zimene makampani onse a Tata ankapeza pachaka zinakwera kuchoka pa madola osaposa 6 biliyoni pamene iwo ankayamba kufika pafupifupi 100 biliyoni pamene ankapuma.

Nkhani imene imandikhudza kuposa zonse ndi ya kagalimoto kotchedwa Nano. A Tata ankafotokoza kuti ganizoli linawabwerera poona mabanja a ku India atakwera njinga yamoto imodzi: bambo akuyendetsa, mwana wamkulu ataima kutsogolo pakati pa miyendo ya bambo ake, mayi atakhala kumbuyo atafukata khanda, msewu uli woterera ndi mvula. Aliyense amene anaonapo mayi wobereka mwana atakwera kabaza wa njinga yamoto, katundu ali pamiyendo, malole akudutsa pafupi, akudziwa mantha amene chithunzi chotere chimabweretsa. Iwo analonjeza galimoto ya marupi 100,000, ndipo mainjiniya awo anachotsa chilichonse chimene chikanatheka kuchotsedwa. Injini yaing'ono anaiika kumbuyo, chopukutira galasi chinali chimodzi, tayala lililonse linkamangidwa ndi manati atatu, buti silinkatsegulidwa chakunja, ndipo mtundu wotsika mtengo kwambiri unalibe wailesi. Poionetsa koyamba ku Delhi mu Januwale 2008, mitengo ya zipangizo itakwera kale, iwo ananena kuti mtengowo sausintha chifukwa lonjezo ndi lonjezo.

Koma fakitale yake inafuna malo, ndipo boma la chigawo cha West Bengal linalanda maekala 997 a minda yachonde ku Singur pogwiritsa ntchito lamulo la atsamunda la 1894. Alimi ambiri anakana chipukuta misozi, ndipo mayi Mamata Banerjee, amene nthawiyo anali kumbali yotsutsa boma, anatsogolera zionetsero mpaka anadzimana chakudya kwa masabata oposa atatu. Mu Okutobala 2008 a Tata analengeza kuti akusamutsa fakitale, imene inali itatsala pang'ono kutha, kupita ku Sanand m'chigawo cha Gujarat, kumene a Narendra Modi anali nduna yaikulu ya chigawocho. Iwo anaona ngati andale awachita chipongwe, ndipo n'zoona kuti ndale zinalowererapo, komabe mu 2016 khoti lalikulu la India linagamula kuti malowo analandidwa mosatsata lamulo ndipo abwezedwe kwa eniake. Zaka pafupifupi zitatu asanasamuke ku Singur, mu Januwale 2006, apolisi anawombera ndi kupha anthu oposa 10 a mitundu ya m'deralo ku Kalinganagar m'chigawo cha Odisha, amene ankakana kumangidwa kwa mpanda wa fakitale ya Tata Steel pamalo awo. Amene anawombera ndi apolisi a boma, koma mpandawo unali wa Tata. Pamenepa ndimaona kuti munthu amene anamvera chisoni banja la panjinga yamoto sanalione ndi maso omwewo banja limene munda ndiwo moyo wake wonse.

Nano yomweyo inalephera pamsika. Magalimoto angapo anayaka moto m'miyezi yoyambirira, mbiri n'kuipa, koma chachikulu chinali chakuti anailengeza monga galimoto yotchipa kuposa zonse padziko, ndipo munthu amene wasunga ndalama zaka zambiri kuti agule galimoto yake yoyamba safuna kuti anansi azimuloza kuti wagula ya amphawi. A Tata anavomereza okha pambuyo pake kuti kuitchula motero kunali kulakwitsa. Fakitale ya ku Sanand inamangidwa kuti izitulutsa magalimoto 250,000 pachaka, koma mu Juni 2018 inatulutsa Nano imodzi yokha.

Chaka cha 2008 chomwecho chinabweretsa usiku umene unasonyeza mbali ina ya makampaniwa. Pa 26 Novembala zigawenga 10 zochokera ku Pakistan zinalowa mu Mumbai kudzera panyanja n'kupha anthu 166 m'malo osiyanasiyana, ndipo hotela ya Taj Mahal Palace inakhala m'manja mwawo kufikira pa 29. Ogwira ntchito m'hotelamo ankadziwa makomo onse akumbuyo ndipo akanatha kuthawa, koma ambiri anatsalira. Olandira mafoni anakhala pamalo awo n'kumaimbira alendo chipinda ndi chipinda kuti akhome zitseko ndi kuzimitsa magetsi, ophika anatsogolera alendo kudutsa m'makhitchini atawatchinga ndi matupi awo, ndipo mkulu woyang'anira hotelayo anapitiriza kutsogolera ntchito yopulumutsa anthu ngakhale atadziwa kuti mkazi wake ndi ana ake awiri afera m'nsanjika yapamwamba imene inkayaka. Ogwira ntchito 11 anaphedwa. A Tata, ali ndi zaka 70, anaima panja pa hotelayo utsi ukufuka. Zitatha anayendera mabanja a omwalira, kampani inasenza udindo wosamalira mabanjawo ndi kuphunzitsa ana awo, ndipo anakhazikitsa bungwe la Taj Public Service Welfare Trust lothandizanso ena amene sanali antchito awo, monga ogulitsa malonda m'misewu ndi anthu amene anavulala pasiteshoni ya sitima. Gawo lina la hotelayo linatsegulidwanso mwezi usanathe. Khalidwe la antchito aja silinabwere ndi lamulo la usiku umenewo, linakula kwa zaka zambiri m'kampani imene fakitale yake yachitsulo inayamba kugwiritsa anthu ntchito maola 8 patsiku mu 1912, malamulo asanayambe kukakamiza zimenezi.

Kuti timvetse chifukwa chake a Ratan Tata sankapezeka pamwamba pamndandanda wa anthu olemera pamodzi ndi mpondamatiki ngati a Mukesh Ambani, tiyenera kuona mmene umwini wa Tata Sons unakonzedwera. Ana awiri a Jamsetji, a Dorabji ndi a Ratanji, anamwalira opanda ana obereka okha, ndipo anasiya chuma chawo m'mabungwe othandiza anthu, lina lokhazikitsidwa mu 1919 ndipo lina mu 1932. Mabungwe amenewa, pamodzi ndi ena ang'onoang'ono, ali ndi pafupifupi magawo 66 pa 100 alionse a masheya a Tata Sons, pamene a Ratan pawokha anali ndi osafika gawo limodzi. Tanthauzo lake n'lakuti phindu lalikulu limene limakwera kuchoka ku makampani a zitsulo, magalimoto, tiyi, mchere ndi makompyuta limathera ku zipatala, sukulu ndi kafukufuku, monga chipatala cha khansa cha Tata Memorial chimene chinatsegulidwa mu 1941. Dongosololi sanaliyambe ndi iwo, ndipo sanali munthu wosauka: anali ndi nyumba yabwino ku Colaba, ankakonda magalimoto othamanga, ndiponso ankaulutsa ndege. Ulemu wawo uli pakuti anali ndi mphamvu zokwanira kupotoza dongosololi kuti liwanonetse, monga achitira ambiri amene apatsidwa kuyang'anira chuma cha amasiye kapena cha gulu, koma analilimbitsa. Pamene matenda a Covid-19 anafika mu Marichi 2020, mabungwewa pamodzi ndi Tata Sons analonjeza marupi 15 biliyoni.

Chinawavuta ndi kusiya. Anapuma pa 28 Disembala 2012, tsiku limene anakwanitsa zaka 75, n'kusiyira mpando a Cyrus Mistry, amene banja lawo la Shapoorji Pallonji lili ndi magawo pafupifupi 18 pa 100 a Tata Sons. Komabe anakhalabe wapampando wa mabungwe aja, kutanthauza kuti mawu omaliza anali akadali awo. Pa 24 Okutobala 2016 bodi inachotsa a Mistry mwadzidzidzi, a Tata n'kubwerera pampando mongogwirizira mpaka a Natarajan Chandrasekaran atasankhidwa kumayambiriro kwa 2017. A Mistry analemba kalata yodandaula kuti sanapatsidwe ufulu wogwira ntchito, ndiponso kuti Nano inkapangidwabe ngakhale ikuluzitsa ndalama chifukwa choti inali pamtima pa a Tata. Mlandu unayenda m'makhoti mpaka khoti lalikulu linagamula mokomera Tata Sons mu Marichi 2021, ndipo a Mistry anafa pangozi ya galimoto mu Seputembala 2022. Lamulo linawaikira kumbuyo a Tata, koma ine ndimaona kuti njira imene anatsata inadetsa dzina limene anakhala moyo wonse akuliteteza, ndipo zimandimvetsa chisoni kuti munthu amene anachotsa madoda okakamira mipando mu 1993 anavutika kutalikira mpando wake womwe.

M'zaka zomaliza anaona Air India, kampani ya ndege imene a J.R.D. anayamba mu 1932 ndipo boma linaitenga mu 1953, ikubwerera m'manja mwa Tata mu Januwale 2022. Ankaika ndalama zawo m'mabizinesi a achinyamata ongoyamba kumene, ankalimbikitsa kumangidwa kwa zipatala za khansa m'chigawo cha Assam, ndipo mu 2024 anatsegulitsa chipatala cha ziweto ku Mumbai, poti chikondi chawo pa agalu chinali chodziwika moti agalu a mumsewu anali ndi chipinda chawochawo ku Bombay House, likulu la makampani onse a Tata.

Patapita masiku awiri chimwalirireni, m'bale wawo wa bambo mmodzi, a Noel Tata, anasankhidwa kutsogolera mabungwe aja. Anatengera limodzi nkhani imene a Ratan anaisiya isanathe. Mu 2022 banki yaikulu ya India inaika Tata Sons m'gulu la makampani amene lamulo limafuna kuti alowe pamsika wa masheya, ndipo banja la Mistry likufuna kuti zitero kuti lithe kugulitsa gawo lake, pamene kampaniyo yakhala ikufunafuna njira yopewera zimenezi, poopa kuti ogula masheya ofuna phindu la msanga angayambe kulamula chuma chimene ana a Jamsetji anasiyira odwala ndi ophunzira.